Ubweya Wakuda M'madzi a Dilipi

Anthu akuno akandiona ndikukweza tambula ya madzi n'kuiyang'ana padzuwa ndisanamwe, amati ndi matama. Musiyeni, amatero, anakhalapo ku Lusaka ameneyo, madzi a pamjigo wathu samukwana. Dzanja linazolowera lokha, ndipo kuti ndifotokoze kumene linazolowerera ndiyenera kutchula Amake Juliya.

Ndinachoka kwathu ku Mchinji mwana wanga Esinati atangosiya kuyamwa. Bambo ake anali atapita ku Joni, ndipo kalata yawo yomaliza inali itafiira ndi utsi pamene tinaitsomeka kudenga. Mwanayo ndinamusiya kwa amayi. Sindinadzere pachipata cha malire ayi. Ndinadzera kanjira ka m'minda kamene anthu amadzera popita ku maliro a tsidya linalo, ndipo ku Chipata ndinakwera basi ngati mwana wa komweko. Pansonga ya nsalu ndinamangapo kalata ya mkulu wa mpingo yopita kwa mayi wina wa ku Kabwata, mu Lusaka.

Mayiyo ndiye Amake Juliya, Mchewa wa ku Katete, wamtali, wosaseka wamba. Anawerenga kalata ija ali chiimire pakhomo, anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kenako anati, "Kuyambila lelo ndiwe mwana wa ba sisi banga ba ku Chadiza. Iyo Mchinji yako uibale." Ndinkagona pamkeka umodzi ndi Juliya, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anali atangoyamba sukulu. Amuna awo, Mngoni wa ku Chipata woyendetsa lole, ankanditcha mlamu wa m'tchire chifukwa cha njira imene ndinadzera.

Chitupa cha dziko, chimene kumeneko amati reji, ndinalibe. Tinkangonena kuti chinatsalira ku boma la Chadiza, chikubwera. Khadi ya chipani yokha ndinali nayo, poti popanda iyo anyamata a chipani sakanakulola kulowa mu City Market, ndipo ogulitsa khadiyo sankafunsa kumene mchombo wako unakwiriridwa.

Ntchito anandipezera ndi Amake Juliya omwewo, pa fakitale imene iwo ankagwirako. Tinkapanga madzi a dilipi, aja amchere amene amapachika pamwamba pa wodwala n'kumalowa mu mtsempha dontho limodzilimodzi. Mwini fakitaleyo ankakhala ku Kabulonga, ife tinkangodziwa galimoto yake. Amene tinkamuopa anali ba Chanda, Mbemba wa ku Woodlands, wophunzira za mankhwala, amene ankayendera zikhadabo zathu m'mawa uliwonse ngati aphunzitsi a ku pulayimale. Tsiku loyamba anandipatsa kireti ya mabotolo kuti ndisankhe oipa. Ndinapeza onse amene iye anaikamo zinyalala dala, ndi lina limodzi limene iye mwini sankalidziwa. Analiyang'ana nthawi yaitali, nati maso angawa ndi a kabawi, ndipo tsiku lomwelo anandikhazika pa nyali.

Pa nyali panali pakangodya kamdima, pamene panali nyali yowala kwambiri ndi bolodi lopakidwa theka lakuda, theka loyera. Umagwira botolo pakhosi, n'kulizunguza pang'onopang'ono, n'kulitembenuza, osalikhutchumula. Umaliyang'ana kaye kutsogolo kwa mbali yakuda, kenako yoyera. Thovu limakwera m'mwamba ndipo lilibe mlandu. Kagalasi kamamira msanga n'kung'anima kamodzi. Kachidutswa ka mphira yotsekera botolo kamatsika mwaulesi. Koma kaulusi sikakwera, sikamira, kamangoyendayenda pakati ngati kalibe kwawo. Choyera chimaoneka pakuda, chakuda chimaoneka poyera. Pofika masana maso ankathetheka, ndipo ukatsinzina unkaonabe mabotolo akuzungulira.

Ba Chanda ankati chinthu ukachimeza, thupi limadziwa khomo lochitulutsira, koma cholowa mu mtsempha chilibe khomo. Chimayenda ndi magazi mpaka chikatsakamire m'mapapo, ndipo wodwala sangachikhosomole n'kuchilavula. Ankatinso mphika waukulu wa nthunzi umene tinkaphikamo mabotolo umapha tizilombo tokha, ulusi suuchotsa. Choncho sefa ikalephera, chotsala pakati pa botolo ndi mkono wa munthu chinali maso anga. Mawu amenewa ankandinyaditsa kwabasi. Ndinali wamng'ono, sindinkadziwa kuti ndi katundu.

Lamulo la zovala linali lolimba. M'chipinda chosinthira cha akazi tinkavula zathu zonse, kutsala ndi pitikoti yekha, n'kuvala mikanjo yoyera ya nsalu yosathothoka ndi zipewa zophimba tsitsi. Paudala ayi, mikanda ayi, ubweya ndiye usatchule n'komwe. Woyang'anira lamuloli kwa akazi anali Amake Juliya, amene analipo kuyambira tsiku limene fakitale inatsegulidwa. Ntchito yawo inali yotseka mabotolo akangodzazidwa, manja awo ali pamwamba pa makamwa otsegula a mabotolowo tsiku lonse. Pakati pa tebulo lawo ndi ngodya yanga panali zenera lagalasi, moti tinkaonana.

Zaka zinapita bwinobwino. Kumudzi ndinkatumiza sopo, nsalu, ndi tinsapato ta Esinati togula mongoyerekeza, tina tikafika titamuthina kale. Kenako m'nyengo ina yachisanu lole ya Atate ake Juliya inagubuduzika pa msewu wa ku Kafue, ndipo anabwera nawo m'bokosi.

Achibale a malemu anafika kuchokera ku Chipata, wotsogolera ali mkulu wawo wa malemu. Anayang'ana makina osokera, anayang'ana mabedi, anayang'ananso Juliya. Anati ng'ombe za lobola zinapita ku Katete, choncho mwanayo ndi wawo. Akulu a mpingo anachonderera mpaka mawu kusasa, ndipo pomaliza anagwirizana kuti mwana akhale ndi mayi ake, bola mayiyo alire mwamuna wake mokwanira. Anawaveka duku lakuda ndi juzi yakuda ya ubweya, nati juziyo isachoke m'thupi kupatula posamba, mpaka iwo adzabwerenso kudzawavula akakolola. Akadzangomva kuti yachoka nthawi isanakwane, adzabwera kudzatenga Juliya.

Kumva sikukanawavuta. Pa fakitale pathu, kotsuka mabotolo, kunali mayi wina wa mudzi umodzi ndi malemu, amene ankapita ku Chipata kawirikawiri atanyamula nkhani zambiri kuposa katundu. Ankasinthira zovala m'chipinda chomwecho ndi ife.

Tsiku limene Amake Juliya anabwerera kuntchito, anavula duku, anavula siketi, koma mkanjo woyera anauvala pamwamba pa juzi n'kumanga mabatani mpaka pakhosi. Tonse tinaona. Ndani akanauza namfedwa kuti vulani? Ine ndinayang'ana kumbali n'kumakonza chipewa changa.

Poyamba sipanaoneke kanthu, poti juzi inali yatsopano. Koma ankaivala tsiku ndi tsiku, ankaichapa madzulo a Loweruka n'kuivalanso isanaume bwino. Pofika nthawi ya mvula inali itayamba kunyenyeka m'mikono.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi matenda otsegula m'mimba m'makomboni. Msewu wa kumwera unali wotseka chifukwa cha nkhondo ya tsidya la Zambezi, dilipi wakunja sankabwera, ndipo malole a zipatala ankagona pamzere pageti pathu. Tinayamba kugwira ntchito ndi Loweruka lomwe. M'masiku amenewo ndi m'mene ndinaona kaulusi koyamba, kakuda, kopiringizika, kakuyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mbali yoyera. Sindinafunikire kuuzidwa kumene kachokera. Ndinakweza maso n'kuyang'ana pazenera, ndipo Amake Juliya anali atawerama pa mabotolo awo. Ndinaika botololo mu kireti ya otayidwa. Pofika madzulo kiretiyo inali itadzaza, ndipo mawa lake inadzaza isanakwane nthawi ya tiyi.

Ba Chanda anasintha masefa onse. Anakolopetsa pansi kawiri patsiku, anatsukitsa mapaipi, koma ayi ndithu. Anasefa botolo limodzi n'kuika kaulusiko pa galasi lake lokulitsira zinthu, natiuza kuti ndi ubweya wakuda. Ankadziwa kuti Amake Juliya ali m'zakuda, poti ankawaona polowa pageti, koma ankawakhulupirira kuposa dzanja lake lomwe, ndiponso mwamuna sangafunse namfedwa zimene wavala m'kati. Anangowapempha kuti azisamba m'mikono kawiri akasintha zovala, ndipo anawatuma iwo omwewo kuti afufuze akazi onse. Amake Juliya anabwerako n'kunena kuti palibe wovala ubweya. Ine ndinali pomwepo, mutu pansi.

Nkhani inafika kwa wapampando wa chipani wa pafakitalepo, mlonda wa pageti amene udindo unamukwera m'mutu. Iye anati izi si ngozi. Anthu akugona pansi m'zipatala, dilipi akutayidwa, ndiye kuti pakati pathu pali mdani wa dziko wotumidwa ndi akunja, amene akuthira zinyalala dala. Lachisanu anatisonkhanitsa natiuza kuti Lolemba aliyense abwere ndi reji yake, ndipo wopanda reji akalongosola yekha kupolisi. Masiku amenewo munthu wotchedwa mdani wa dziko sankafunsidwa mafunso ambiri asanatsekeredwe.

Madzulo a tsikulo ine ndi Amake Juliya tinatsika basi m'tauni n'kuyamba kuyenda wapansi kupita ku Kabwata, monga tinkachitira mvula ikakata. Ndinadikira mpaka titapitirira anthu.

"Amayi, ndi juzi ija," ndinatero.

"Niziba."

Ndinawapempha kuti aziivula pantchito pokha, n'kumaivala poweruka. Anandifunsa ngati ndaiwala amene amasinthira zovala pafupi nawo. Ndinati nanga kupempha ba Chanda kuti awasamutsire kolongedza? Anati ndiye kuti avomera kuti ananama, ndipo wapampando uja akufuna munthu woti amuloze chala, sakusankha. Tinapitiriza kuyenda, matope akutigwira m'mapazi.

"Ufuna banitengele Juliya?" anatero. "Yasala chabe myezi ing'ono. Iwe maso yako yamaona maningi. Mailo ukapitisa mabotolo, ba Chanda bazakamba ati vasila, na nkhani ya ma reji izasila pamene apo."

Ndinati nanga odwala?

"Nakusunga monga mwana wanga," anatero osandiyang'ana. "Sininakupemphepo kanthu."

Akanandiopseza kuti akandiulula, bwenzi zitandipepukira, ndikanakwiya n'kulimba mtima. Koma ananena zoona zokhazokha. Ndinkadya m'mbale yawo, ndinkagona pamkeka wa mwana wawo, ngakhale dzina la kwathu limene ndinkayendera linali lobwereka kwa iwo.

Mawa lake Loweruka, limene kumeneko amati Chibelu, mabotolo oyamba anali oyera, ndipo ndinayamba kupemphera kuti mwina Mulungu andilambalalitsa. Kenako linabwera. Kaulusi kamodzi kokha, kafupi, kochepa kuposa kansidze. Ndinalitembenuza botololo kachiwiri, kachitatu, ngati kuti kangasanduke thovu. Ndinadziuza kuti n'kakang'ono, kuti woyang'ana wina aliyense sakanakaona, kuti munthu amene akuuma ndi kutsegula m'mimba adzafa msanga posowa dilipi kusiyana ndi kaulusi. Zonsezi ndinadziuza, ndipo ndinaika botololo mu kireti ya abwino. Dzanja linkanjenjemera moti botolo linagunda linzake n'kulira.

Patapita kanthawi linabwera lina, la tiulusi tiwiri. Ndinalinyamula kuti ndilipititse komweko, koma mkono unakana. Ndinaliika kotayidwa. Lotsatira nalonso kotayidwa. Pamenepo mtima unandiuza kuti ndikabweze loyamba lija, ndipo nditatembenuka ndinapeza kireti ija palibe. Masiku amenewo makireti sankakhalitsa, ankangomata mapepala n'kukweza. Ndinatuluka ndi mkanjo woyera womwewo mpaka pabwalo, chinthu choletsedwa, ndipo lole inali ikukhota kale pamsewu. Sindinadziwe kuti inali ya chipatala chiti. Ndikanathamangira kwa ba Chanda kuti aiitanitse, koma ndikanati ndadziwa bwanji? Ndinachita mantha. Ndinabwerera, ndinasintha mkanjo, ndinakhalanso pa nyali, ndipo kireti ya otayidwa inadzaza monga mwa masiku onse.

Lamulungu tinakhala benchi imodzi kutchalitchi osayang'anana. Ndinalongedza tinsalu tanga m'kachikwama, ndikudziwa kuti Lolemba sindibwerera ku Kabwata.

Lolemba m'mawa, titangovala mikanjo, anatiimika pamzere m'chipinda chodyera. Wapampando anakhala patebulo, ba Chanda ataima pambali pake, nkhope ili gwa. Aliyense ankafika, kuonetsa reji, kudutsa. Patsogolo panga panatsala anthu anayi, kenako atatu. M'manja mwanga munali khadi ya chipani yokha. Ndinkaganiza za Esinati, kuti adzamva kwa ndani. Ndinkadziwa kuti mawu amodzi okha akhoza kuthetsa mzere wonsewo, ndipo mawuwo anali pamilomo penipeni, koma ndikakumbukira Juliya akugona atandiponyera mwendo, ankabwerera.

Amake Juliya anali ataonetsa kale reji yawo. Anachoka pamene anaima n'kubwerera kutebulo.

"Ba Chanda, lekani kuvutisa bantu," anatero. "Mudani mufuna ni uyu."

Anamasula mabatani a mkanjo kuyambira pakhosi. Juzi inaoneka, yotuwa m'mapewa, yonyenyeka m'mikono. Akanatha kulekera pomwepo, poti aliyense anali ataona. Koma anaivula, pamaso pa amuna, n'kuiika patebulo pamwamba pa mapepala a wapampando, iwo kutsala ndi pitikoti. Mayi wina anathamanga n'kuwaphimba ndi mkanjo. Ine maso anga anapita kwa mayi wa kotsuka mabotolo uja, ndipo ndinamuona akuyang'anitsitsa juziyo, pakamwa atagwira.

Ba Chanda anatsina mkono wa juziyo ndi zala ziwiri n'kuuyang'ana kuwindo. Tiubweya tinauluka padzuwa, tonse tinationa. Kenako anauza wapampando kuti iyi ndi nkhani ya ntchito, si ya chipani, ndipo mzere wa mareji uthe. Wapampando anayesa kudzikweza, koma panalibenso womumvera. Palibe anandifunsa reji tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse pambuyo pake.

Amake Juliya sanachotsedwe ntchito. Ba Chanda anawasamutsira kolongedza makatoni, ndipo kuyambira pamenepo anaika nesi woti aziyang'ana akazi posintha zovala. Mabotolo anayera tsiku lomwelo. Juzi anawabwezera poweruka ndipo anaivalanso, koma zinali zitachitika kale. Sabata isanathe mkulu wa malemu anatulukira ku Kabwata ndi akazi awiri. Anati mkazi wovula zakuda pamaso pa amuna ena ndiye kuti ali naye kale wina. Akulu a mpingo anayesa kufotokoza za dilipi ndi za odwala, koma iye anati sanabwerere sukulu. Anatenga makina osokera, anatenga mabedi, anatenga Juliya. Mwanayo anapita atavala yunifolomu ya sukulu, akutembenukatembenuka, ndipo mayi ake anaima pakhomo osagwetsa msozi.

Anthu atabalalika ndinagwada pafupi nawo kuti ndithokoze. Sanandilole kumaliza.

"Sininachitile reji yako," anatero. "Ninakuona pa windo pa Chibelu. Ninaona botolo ija, na mwamene kwanja yako inanjenjemela. Mwana ninalandila na kalata ya mpingo, ine namufikisa apo. Manje sakila nyumba inangu. Nikakuona niona vonse vibili, botolo ija na Juliya."

Ndinakapeza kachipinda ku Chelstone. Tinagwira ntchito pamalo amodzi zaka zina zingapo, tikupatsana moni wa pamsewu. Ndinamva kuti anapita ku Chipata kawiri n'kubwerako okha. Kenako anasiya ntchito n'kubwerera ku Katete, ndipo kalata ziwiri zimene ndinawalembera sizinayankhidwe.

Ine ndinakhala pa nyali mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Ba Chanda anazindikira ine ndisananene, anandiyesa ndi kireti ngati tsiku loyamba lija, ndipo ndinaphonya awiri. Ndinabwerera kuno kudzera kanjira ka m'minda komwe kaja. Amayi ndinapeza atamwalira, ndipo Esinati, amene anali atatha msinkhu, anandilandira ndi manja awiri ngati mlendo wa mpingo. Amene iye ankamutcha amayi anali mng'ono wanga amene anamulera. Sindinamuimbe mlandu. Ine mwana wanga ndinamupeza, ngakhale anali wa eni.

Nkhani ya juzi ndinamufotokozerapo Esinati kamodzi, ndipo anati ndinachita bwino kutaya mabotolo onse aja. Sindinamuuze kuti sanali onse. Limodzi lija linalowa mu mkono wa munthu, kaya wamkulu kaya mwana, kaya anachira n'kupita kwawo kaya ayi. Amake Juliya analipira botolo limenelo ndi mwana wawo, pamene wolidutsitsa ndinali ine.

Maso angawa tsopano sangaone ngakhale nyerere m'madzi. Koma tambula ndimaikwezabe, kuizunguza pang'onopang'ono, n'kudikira.